Pathupi Povuta Kupeza ndi Matenda a Chimfine

M'midzi mwathu muli mabanja amene akhala zaka zisanu, ena khumi, osaona mwana. Inu mukuwadziwa. Mwina ndi mbale wanu, mwina ndi inu nomwe. Ena mwa mabanjawa amapita kuchipatala, nalandira thandizo, ndipo mayi amaima. Chimwemwe chimakhala chachikulu pakhomopo, koma mantha nawonso amakula. Mayi akangoyamba kutsokomola kapena kutentha thupi, banja lonse mtima umakhala m'mwamba. Amafunsana kuti, "Kodi pathupi tavutikirapa sipachoka?"

M'kabuku kano tikambirana funso limeneli. Werengani mofatsa. Mukatha, kawerengereni amuna anu, akazi anu ndi apongozi anu, pakuti nkhaniyi ndi ya banja lonse.

KODI KUSABEREKA NCHIYANI?

Adokotala amati banja lili ndi vuto la kusabereka ngati mwamuna ndi mkazi akhalira pamodzi chaka chathunthu, osalera, koma mkazi osaima. Vutoli ndi lofala ndithu. M'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linanena kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana nalo vutoli nthawi ina pa moyo wake. Limagwira olemera ndi osauka omwe.

Kumudzi chala chimafulumira kuloza mkazi. Amamunena kuti ndi chumba. Komatu nthawi zambiri vuto limapezeka kwa mwamuna. Umuna wake umatha kukhala ndi mbewu zochepa kapena zofooka. Kwa mkazi, mwina dzira silikhwima mwezi ndi mwezi. Mwinanso njira zimene dzira limadzera popita m'chiberekero zinatsekeka. Njirazi zilipo ziwiri, ndipo kuchipatala amazitcha machubu. Zimatsekeka ndi matenda opatsirana pogonana, monga chinzonono, akapanda kuchizidwa msanga. Zimatsekekanso ndi matenda olowa m'chiberekero pochira kapena pochotsa mimba mobisa. Likodzo nalonso limaononga ziwalo zoberekera. Nchifukwa chake kuchipatala amafuna kuyeza onse awiri, mwamuna ndi mkazi.

THANDIZO LA KUCHIPATALA

Thandizo lilipo la mitundu ingapo. Tinenapo mitundu itatu.

Loyamba ndi la mapiritsi okhwimitsa dzira. Ena mwa mapiritsiwa dzina lake ndi clomifene. Mayi amamwa masiku 5 kumayambiriro kwa mwezi wake. Nthawi zina mazira amakhwima awiri, ndipo mayi amatenga pathupi pa mapasa.

Lachiwiri, adokotala amatenga umuna wa bambo, nkuusankha bwino, nkuulowetsa m'chiberekero ndi kachubu kakang'ono pa tsiku limene dzira lakhwima.

Lachitatu amalitcha IVF. Mayi amabayidwa jekeseni masiku angapo kuti mazira ambiri akhwime. Adokotala amatulutsa mazirawo nkuwakumaniza ndi mbewu za bambo m'kambale ka kuchipatala. Pakapita masiku 3 kapena 5, kamluza, ndiko kuti chiyambi cha mwana, kamabwezedwa m'chiberekero cha mayi. Kuyambira pamenepo mwana amakula m'mimba monga ana ena onse.

Mwana woyamba kubadwa mwa njirayi ndi Louise Brown. Anabadwa pa 25 Julaye 1978 ku Oldham, m'dziko la England. Amene anagwira ntchitoyi ndi Patrick Steptoe, Robert Edwards ndi Jean Purdy. Ku South Africa mwana woyamba wa njirayi anabadwa mu 1984 pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town. Lero ana obadwa chotere apitirira 10 miliyoni pa dziko lonse. Koma thandizo la IVF ndi lodula kwambiri, ndipo limapezeka m'zipatala zowerengeka za m'mizinda ikuluikulu. Banja limasunga ndalama zaka zambiri, mwina kugulitsa ziweto kapena kukongola kumene. Apa mukuona chifukwa chake chifuwa cha mayi wotere chimasowetsa anthu tulo.

MATENDA A CHIMFINE

Matenda amene tikunena pano amagwira mphuno, kukhosi ndi mapapo. Amayamba ndi tizilombo tating'ono kwambiri totchedwa mavairasi. Tizilomboti timachoka kwa wodwala potsokomola, poyetsemula ndi polankhula. Mnzake akapuma mpweya umenewo, amatenga matendawo. Timayendanso pa manja osasamba.

Pali chimfine wamba, chija cha mamina ndi kuyetsemula, chimene chimatha chokha pa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Pali chimfine chachikulu, cha fuluwenza, chimene chimabwera mwadzidzidzi ndi kutentha thupi, litsipa ndi kuphwanya m'thupi monse. Palinso COVID-19. Matendawa anadziwika koyamba mu Disembala 2019 mumzinda wa Wuhan ku China, ndipo ku Malawi odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020. Mu Meyi 2023 bungwe la WHO linanena kuti nthawi ya ngozi yaikulu yatha. Koma kachilombo kake sikanathe ayi. Kakadayendabe pakati pa anthu monga fuluwenza.

Dziwani ichi: mankhwala ophera mabakiteriya, monga makapisozi aja ambiri amagula pa golosale, sapha mavairasi. Kumwa makapisozi chifukwa cha chimfine nkutaya ndalama, ndipo ena mwa iwo ndi oipa kwa mwana amene ali m'mimba.

CHIFUKWA CHIYANI MAYI WAPAKATI AMADWALA KWAMBIRI?

Thupi la mayi woyembekezera limagwira ntchito ya anthu awiri. Magazi amachuluka, mtima umagunda mofulumira, ndipo thupi limafuna mpweya wambiri kuposa kale. Mimba ikamakula imakankha mapapo m'mwamba, malo opumira nkuchepa. Chitetezo cha m'thupi nachonso chimasintha kuti thupi lisakane mwanayo. Tsono kachilombo kakalowa m'mapapo, mayi wapakati amabanika msanga kuposa mnzake amene sali woyembekezera. Chimfine chimatha kusanduka chibayo.

Izi zinaoneka pa mliri wa fuluwenza wa mu 1918, zinaonekanso pa mliri wa fuluwenza wa mu 2009. Pa miliri yonse iwiri amayi apakati anadwala kwambiri, ndipo ambiri anamwalira. Pa COVID-19 zinalinso chimodzimodzi, makamaka mu 2021 pamene kunabuka mtundu wa kachilomboka wotchedwa Delta.

Mayi amene waima atathandizidwa kuchipatala ali ndi zifukwa zina zosamalira. Kawirikawiri amakhala wamkulupo, wa zaka zopitirira 35, popeza zaka zinapita akudikira. Pathupi pa mapasa pamachuluka pakati pa amayi otere. Ena ali kale ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Zonsezi, ngakhale popanda chimfine, zimachititsa kuti mwana athe kubadwa masiku asanakwane. Chimfine chachikulu chikabwera chimaonjeza katundu pa mutu wolemedwa kale.

Palinso nkhani ya kuundana kwa magazi. Pathupi pamachititsa magazi kuundana msanga. Jekeseni zokhwimitsa mazira ambiri nazonso zimatero kwa amayi ena. COVID-19 imateronso. Zitatuzi zikakumana, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'mwendo kapena m'mapapo. Nchifukwa chake mayi wotere akadwala ayenera kuuza adokotala za mankhwala onse amene analandira.

ZIMENE ADOKOTALA ANAPEZA

COVID-19 itafala mu Malichi 2020, panalibe amene ankadziwa zimene kachilomboka kangachite kwa mwana wa m'mimba. Zipatala zambiri za ku Ulaya ndi ku America zinayamba zaimitsa thandizo la IVF. Ku Britain zinatsekedwa mu Epulo 2020, nkuyamba kutsegulidwanso mu Meyi chaka chomwecho. Zitatsegulidwa, adokotala a m'maiko ambiri anayamba kulemba ndi kuwerengera zimene zinkachitikira amayi odwala ndi osadwala. Zimene anapeza tizigawe potsata nthawi imene mayi wadwalira.

Mayi akadwala asanayambe thandizo. Apa nkhani ndi yabwino. Kafukufuku wambiri anapeza kuti mayi amene anadwala COVID-19 pang'ono, nachira, mazira ake amakhwima monga a anzake. Mwayi wake woima susiyana kwenikweni ndi wa mayi amene sanadwale. Choncho ngati munadwala chaka chatha kapena miyezi yapitayo, musade nkhawa.

Mayi akadwala ali pakati pa thandizo. Ngati thupi latentha pa masiku a jekeseni kapena pa tsiku lobwezera kamluza, adokotala ambiri amati tiyambe tadikira. Musakhumudwe, ndalama zanu sizinapite pachabe. Kamluza kamasungika m'chipangizo chozizira kwambiri, kuzizira kofika madigiri 196 pansi pa ziro. M'menemo kamakhala miyezi kapena zaka osaonongeka. Mayi akachira, amakabwezera m'chiberekero thupi lili ndi mphamvu. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Cholakwa chachikulu ndicho kubisa matenda poopa kuti tsiku lisinthidwa.

Mayi akadwala miyezi itatu yoyamba. Chimfine wamba sichichotsa pathupi. Kutsokomola ndi kuyetsemula sikugwedeza mwana kuti atuluke, pakuti chiberekero chimamugwira zolimba. Choopsa pa nthawiyi ndi kutentha thupi kwambiri. Msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'masiku 28 oyamba. Thupi la mayi likatentha kwambiri pa masiku amenewa, ana ena amabadwa ndi chilema cha msana. Sizichitika kawirikawiri, koma nzopeweka. Nchifukwa chake kutentha thupi kumafunika kukutsitsa msanga. Nchifukwa chakenso mayi amapatsidwa mapiritsi a folic acid, amene amayenera kuyamba kumwa asanaime nkomwe.

Mayi akadwala mimba itakula. Iyi ndiyo nthawi imene fuluwenza ndi COVID-19 zimavuta kwambiri. Mayi akadwala kolimba, mwana amatha kubadwa masabata 37 asanakwane. Magazi a mayi amatha kuthamanga kwambiri. Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, mwana amafera m'mimba. Ngoziyi imakula mayi akadwala mpaka kusowa mpweya. Koma amayi ambiri amene anadwala pang'ono anachira bwinobwino ndi ana amoyo, amphamvu. Anapezanso kuti nkosowa kwambiri kuti kachilombo ka COVID-19 kadutse kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana akali m'mimba.

Mwachidule, chimene chimaika mwana pa ngozi ndi kukula kwa matenda a mayi. Mukateteza mayi kuti asadwale kolimba, mwatetezanso mwana.

NANGA ABAMBO?

Inu abambo, nkhaniyi ikukukhudzani. Mbewu za mwamuna sizifuna kutentha. Thupi likatentha masiku angapo, ndi fuluwenza, COVID-19 kapena malungo, mbewu zimachepa ndi kufooka. Thupi limatenga miyezi iwiri ndi theka kuti lipange mbewu zatsopano. Choncho kufookaku kumatha kukhala miyezi itatu, kenaka zinthu zimabwerera mwakale.

Mu 2022 akatswiri a pa yunivesite ya Boston ku America anafalitsa zimene anapeza atatsata mabanja oposa 2,000 amene ankafuna mwana. Anapeza kuti bambo akadwala COVID-19, mwayi woti mkazi wake aime unkatsika pang'ono kwa masiku 60, kenaka nkubwerera. Tsono ngati munatentha thupi posachedwa ndipo akufuna kuyeza umuna wanu, auzeni adokotala. Mwina adzati mubwerenso pakapita miyezi itatu kuti ayeze kachiwiri. Palibe chamanyazi pamenepa.

KODI KATEMERA AMATSEKA KUBEREKA?

Katemera wa COVID-19 atafika ku Malawi mu Malichi 2021, kunamveka mphekesera zoti wobayitsa sadzaberekanso. Amayi ambiri ofuna ana anaopa. Adokotala anaifufuza nkhaniyi. Akatswiri a ku Boston aja anapeza kuti mabanja obayitsa ndi osabayitsa ankaima mofanana. Chaka chomwecho cha 2022, adokotala a pa chipatala cha Mount Sinai ku New York anayerekeza amayi a IVF obayitsa ndi osabayitsa. Mazira awo, kuima kwawo ndi kupita padera kwawo sizinasiyane. Mphekesera ija inali yabodza.

Katemera wa fuluwenza nayenso ndi wabwino kwa mayi wapakati. Mu 2012 bungwe la WHO linati m'maiko amene akupereka katemerayu, amayi oyembekezera akhale patsogolo. Mayi akabayitsa, chitetezo chake chimapita kwa mwana ndi kumuteteza miyezi yoyamba atabadwa. Mukapita kusikelo, funsani anamwino za akatemera amene alipo pa chipatala chanu. Safunsa anadya phula.

MUNGADZITETEZE BWANJI?

Sambani m'manja ndi sopo pafupipafupi, makamaka musanadye ndiponso mukachokera kumsika.

Tsegulani mazenera kuti mpweya uziyenda m'nyumba. Utsi wa nkhuni ndi wa fodya umafooketsa mapapo, choncho phikirani pamalo podutsa mphepo. Abambo osuta, kasutireni kutali.

Wina akadwala chimfine pakhomo, asagone chipinda chimodzi ndi mayi wapakati. Ntchito yodwazika agwire ena. Apongozi ndi alamu, apa mpamene mungathandize.

Kukakhala chimfine chambiri m'mudzi, pewani malo othithikana. Ngati simungachitire mwina, monga m'minibasi kapena pamaliro, valani chotchinga pakamwa ndi pamphuno.

Yambani sikelo mukangodziwa kuti mwaima. Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. Auzeni anamwino poyera kuti pathupi panu munapapeza ndi thandizo la kuchipatala. Ena amabisa poopa kusekedwa. Anamwino akadziwa, amakuyang'anirani mwapadera.

MUKADWALA MUCHITE CHIYANI?

Thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musanene kuti ndi chimfine chabe. Kwathu kuno kutentha thupi kumakhalanso malungo, ndipo malungo ndi oopsa kwambiri kwa mayi wapakati. Kuyeza magazi kokha ndiko kumasiyanitsa.

Potsitsa kutentha, mankhwala oyenera mayi wapakati ndi panado, pa muyeso umene anamwino akuuzani. Musamwe ibuprofen. Aspirin musamwe pokhapokha adokotala atakulemberani. Mankhwala azitsamba ndi osakaniza a chifuwa a m'sitolo musamwe musanafunse.

Ngati munapatsidwa mankhwala olimbitsa pathupi mutachita IVF, musasiye kumwa chifukwa cha chimfine. Funsani kaye amene anakupatsani.

Fuluwenza ili ndi mankhwala ake otchedwa oseltamivir. Amagwira bwino ntchito akayambidwa m'masiku awiri oyamba. Ichi ndi chifukwa china chofulumirira kuchipatala.

Imwani madzi ambiri, phala ndi thobwa. Idyani pang'onopang'ono ngakhale mulibe chilakolako. Pumulani, koma musagone tsiku lonse osadzuka. Yendaniyendani pang'ono pakhomo kuti magazi asaundane.

Chifuwa chikapitirira masabata awiri, kayezetseni makhololo. Chikhoza kukhala chifuwa chachikulu cha TB, chimene chili ndi mankhwala akeake.

ZIZINDIKIRO ZA NGOZI

Mukaona chimodzi mwa izi, musadikire kuti kuche. Pezani njinga, ngolo kapena galimoto, thamangani kuchipatala:

1. Kubanika, kapena kupuma mofulumira muli chikhalire.
2. Kupweteka pachifuwa, kapena kutsokomola magazi.
3. Kutentha thupi kosatsika ngakhale mwamwa panado.
4. Mwana kuchepetsa kapena kusiya kugunda m'mimba.
5. Kutaya magazi kapena madzi kumaliseche.
6. Kupweteka m'mimba ngati matenda ayamba, masiku asanakwane.
7. Mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja.
8. Mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka.
9. Kusokonezeka mutu, kukomoka kapena kugona kosadzutsika.

Inu abambo, konzeranitu ndalama ya ulendo ndi munthu wa njinga mimba isanakule. Musadikire kuti ankhoswe kapena amalume abwere kudzaloleza. Uthenga muwatumizira muli kale kuchipatala.

MWANA AKABADWA

Mayi wa chimfine kapena COVID-19 apitirize kuyamwitsa. Mkaka wa m'mawere uli ndi chitetezo chimene mwana akuchifuna. Asambe m'manja asanagwire mwana, ndipo atchinge pakamwa ndi pamphuno poyamwitsa. Alendo odzaona mwana amene akutsokomola ayambe adikira mpaka atachira. Auzeni mwaulemu, amva.

Mwana akabadwa masiku asanakwane, musataye mtima. Anamwino adzakuphunzitsani kumuika pachifuwa panu, khungu kukhudza khungu, nkumumanga ndi chitenje. Njirayi amaitcha kangaru. Inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo yapulumutsa ana ambiri obadwa ochepa thupi. Abambo ndi agogo nawonso angathe kulandizana ndi mayi.

PATHUPI PAKACHOKA

Tinene zoona. Nthawi zina pathupi pamachoka ngakhale mayi wachita zonse bwino. Mwa amayi 10 alionse amene adziwa kuti aima, mmodzi kapena awiri amapita padera, kaya anadwala chimfine kaya sanadwale. Kawirikawiri chifukwa chake nchoti kamluza sikanaumbike bwino kuyambira pachiyambi. Mayiyo sanalakwe. Amene anabwera ndi chimfine pakhomo sanalodze munthu. Musalozane zala, musathamangire kukaombeza. Mayi wotere amafuna kumutonthoza, ndipo apite kuchipatala kuti akaone ngati m'chiberekero mwayera. Amayi ambiri amene anapita padera amadzaimanso nabereka bwino.

KUMBUKIRANI

Chimfine wamba sichichotsa pathupi. Kutentha thupi ndi kubanika ndizo zofunika kuthamangira nazo kuchipatala. Matenda amene munadwala kale, nkuchira, satseka mwayi wanu wobereka. Katemera satseka kubereka. Uzani adokotala zoona zonse, za matenda anu ndi za thandizo limene munalandira.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani zinthu ziwiri zimene zimatseka machubu a mayi.
2. Nchifukwa chiyani mayi wapakati amabanika msanga akadwala fuluwenza?
3. Mayi akadwala tsiku lobwezera kamluza litayandikira, adokotala amatani?
4. Mbewu za bambo zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti zibwerere mwakale thupi likatentha?
5. Tchulani zizindikiro zisanu za ngozi.
6. Kodi m'mudzi mwanu mayi wapakati akadwala usiku, amafika bwanji kuchipatala? Mungachitepo chiyani inu ndi anzanu?